Tiwalembere zotani achinyamata okonda mbedza?

Kuno ku Kasina kulibe nyanja. Nsomba imene timadya imachita kukwera phiri kuchokera ku Salima, ku Chipoka kapena ku Mtakataka, ndipo ikamafika pamsika wa Linthipe kapena pa Chimbiya imakhala itauma kale, mtengo wake utakweranso phiri lomwelo. N'chifukwa chake anthu ambiri amaseka akamva kuti wina akufuna kumalemba nkhani za usodzi zoti aziwerenga ana a kuno kumtunda. Amati usodzi ndi wa anthu a kunyanja, zathu ife ndi mbatatesi, nyemba ndi kabichi.

Koma tapitani kudambo tsiku Loweruka mvula ikangokhazikika. Mukapeza anyamata ali ndandanda m'mbali mwa khwawa, wina ndi kansungwi, wina ndi bango, chitini cha nyongolotsi chili poteropo. Amenewo ndi asodzi ngakhale alibe bwato. Chodandaulitsa n'chakuti palibe amene amawalembera kanthu. Mabuku a kusukulu amakamba za chambo cha ku Mangochi, alangizi akabwera amayankhula ndi makolo, ndipo mwana amaphunzira usodzi kwa mnzake amene anamuposa zaka ziwiri zokha. Zabwino amazitengera komweko, zoononga amazitengeranso komweko.

Tsono lero ndafuna kuyankhula ndi inu aphunzitsi amene mumakhoma nkhani pabolodi lapasukulu, inu atsogoleri a makalabu a achinyamata, inu amene mumathandiza pa wailesi za m'madera, ngakhalenso inu makolo amene mumadziwa kugwira cholembera. Ngati mwaganiza zoyambitsa kagawo ka usodzi ka achinyamata, mlungu ndi mlungu kapena mwezi ndi mwezi, maganizo anga ndi awa.

Yambirani pa nsomba imene mwana waigwirapo

Mwana wa ku Kasina amadziwa mlamba, matemba ndi nkhanu. Yambirani pomwepo. Musathamangire kumuuza kuti m'nyanja ya Malawi muli mitundu ya nsomba yambiri kuposa m'nyanja ina iliyonse padziko lapansi. N'zoona zimenezo, koma adzazimva bwino akayamba wadabwa ndi mlamba wa m'dambo la kwawo.

Ndipo mlamba ndi wodabwitsadi. Mwana aliyense anaonapo kuti matemba akangotuluka m'madzi amafa posakhalitsa, pamene mlamba umafika kunyumba ukuphiriphithabe m'thumba. Mufunseni chifukwa chake, ndipo yankho mudzamupatse mlungu wotsatira. Yankho n'lakuti m'mutu mwa mlamba, pamwamba pa ziwalo zofiira zimene nsomba zonse zimapumira m'madzi, muli chiwalo china chooneka ngati kamtengo kanthambi, chimene chimauthandiza kupuma mpweya wa kumtunda. N'chifukwa chake umakhala moyo m'matope chithaphwi chikamauma, ndipo usiku wa mvula umatha kukwawa paudzu wonyowa kuchoka pachithaphwi china kupita pa china. Nkhani imodzi yomweyo, mwana akaiwerenga, akatsegula mutu wa mlamba madzulo amenewo amayi ake asanauphike.

Ina yokoma ndi ya kaleredwe. Makumba ndi chambo, yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo masiku onsewo siidya kwenikweni. Ana akayamba kusambira, zoopsa zikabwera amathawiranso m'kamwa mwa mayi wawo. Chilunguni sichitero, chimakonza chisa pansi, yaimuna ndi yaikazi n'kumalondera limodzi. Kampango wa kunyanja amafika poikira mazira ena oti ana ake adye. Ndaona kuti nkhani zotere ndi zimene atsikana amazikonda kwambiri, ndipo ndi khomo labwino lowalowetsera pankhani imene anthu amaiyesa ya anyamata okhaokha.

Maina nawonso ndi nkhani payokha. Tumani ana akafunse agogo awo maina a tinsomba ta m'khwawa, zimene zinalipo kale ndi zimene zilipo lero. Mudzadabwa kuti mndandanda wa agogo ndi wautali kuposa wa mdzukulu. Musafulumire kufotokoza chifukwa chake. Asiyeni ana afunse okha.

Lembani motsata nyengo

Mlimi sawerenga za kukolola pa nthawi yobzala, msodzi wamng'ono nayenso ali chimodzimodzi. Nyengo ikuuzani zoti mulembe, simudzasowa mutu.

Mwezi wa Juni ndi Julayi, Dedza wathu yuno amazizira mpaka madzi kuluma mano. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pamlingo wa nyanja zikuluzikulu, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imapitirira mamita 2,000. Nsomba thupi lake limatsatira kutentha kwa madzi, kotero madzi akazizira imakhala phee, siidya kwambiri, nyambo siiyang'ana n'komwe. Mwana amene wakhala padziwe m'mawa wonse osagwira kanthu amaganiza kuti ali ndi tsoka. Muuzeni kuti si tsoka, ayese masana dzuwa litafunditsa madzi. Miyezi imeneyi ndiyo yolemba za zipangizo: kamangidwe ka mbedza kuti mfundo isamasuke, kasankhidwe ka nsungwi, kaphesi ka chimanga koyandamitsa chingwe, ndi luso loluka mono limene likupita ndi akuluakulu.

Za nyambo mungalembe katatu osabwereza mawu. Nyongolotsi zimapezeka pati chilimwe chikafika? Pansi pa manyowa akale a kukhola, kapena kudimba kumene mumathirira. Ziwala, ngumbi, kansima kokanda ndi madeya, matumbo a nkhuku a mlamba, chilichonse chili ndi nsomba yake. Apa musakhale ngati mukudziwa zonse. Ana ena amadziwa kuposa ife, apempheni alembe zawo.

Mvula yoyamba ikagwa ndi pamene pali nkhani yovuta. Madzi akasefukira m'dambo, milamba imakwera kudzaikira mazira muudzu, ndipo nthawi imeneyo imagwidwa ndi manja, ndi zikwanje, ndi chilichonse. Pakhomo pamakhala ndiwo zankhuli pa nthawi imene ndiwo zimasowa, ndipo ine sindingaimirire n'kuuza mwana wanjala kuti asiye mlamba udutse. Koma mungathe kumuuza choonadi, chakuti mlamba waukulu wamimba yotupa uja wanyamula mazira zikwizikwi, ndipo akautenga lero watenga ndiwo za chaka chamawa. Akagwira isanu, yamazira imodzi kapena iwiri aibweze. Zimenezo mwana angazimve, kusiyana ndi kumuletseratu.

Katupe ndi masikito

Pamenepa ndi pamene wolemba ayenera kukhalitsa, osati nkhani imodzi ayi, koma kubwererapo chaka chilichonse chilimwe chikamalowa.

Mwezi wa Seputembala ndi Okutobala makwawa amaphwa, nsomba n'kusonkhana m'maiwe owerengeka. Ndiye pamabwera maganizo a katupe. Ena amasinja masamba a ombwe, womwe uja alangizi amatilimbikitsa kubzala kuti ubwezeretse chonde m'munda. Ena masiku ano afika pothira mankhwala a mbewu, a tomato ndi a kabichi, ndipo zimenezi ndi zoopsa koposa chifukwa poizoni wake amatsalira m'nsomba ndi m'madzi omwe ng'ombe zikamwe kumunsi, amayi akachapire, ana akasambe.

Mwana akuyenera kudziwa mmene katupe amaphera. Sasankha. Amalowera m'ziwalo zopumira, nsomba n'kubanika ngati munthu wotsekedwa pakhosi. Yaikulu imafa, yaing'ono ngati njere ya mpunga imafa, tizilombo timene nsomba zimadya timafanso. Anyamata amatola zodzaza beseni limodzi, koma zimene zamira pansi osaoneka ndi zambiri kuposa zotoledwazo. Mbedza imatenga nsomba imodzi imodzi, dziwe n'kutsala lamoyo. Katupe amatenga dziwe lonse tsiku limodzi.

Masikito nawo ndi chimodzimodzi. Maso ake ndi ang'ono kwambiri moti ngakhale ana a nsomba ongoswa kumene sapulumuka. Komanso masikito amene ali kudambo ndiye kuti sali pamphasa, ndipo mwana wina akugona pamtetete udzudzu ukumudya. Lamulo la dziko lino losamalira nsomba, limene linakhazikitsidwa mu 1997, limaletsa kupha nsomba ndi poizoni kapena mabomba. Alembereni zimenezi momveka. Koma ndikuuzeni, kuopseza mwana ndi lamulo sikupindula kwenikweni kuno kumene woyang'anira za nsomba samuona chaka chonse. Chimene chimagwira mtima ndi nkhani ya zimene zinachitikadi.

Auzeni za ntchila. M'zaka za m'ma 1950 nsomba imeneyi inali imodzi mwa nsomba zikuluzikulu za malonda m'nyanja ya Malawi, yotsatira chambo. Inali ndi chizolowezi chokwera m'mitsinje kukaswana mvula ikagwa, ndipo anthu ankaidikirira pamathiriro a mitsinje ndi maukonde ndi miono, kuigwira ili ndi mazira. Sipanathe zaka makumi awiri, ntchila inasowa pamsika, ndipo ana ambiri a lero dzina lokhalo salidziwa. Auzeninso za nyanja ya Malombe, mmene chambo chinathera kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1990 chifukwa cha makoka a maso ang'onoang'ono, mpaka mu 1993 boma linayamba kugwira ntchito ndi makomiti a m'madooko kuti asodzi eni ake azilondera nyanja yawo.

Ndiye muwauze za Mbenji, kachilumba ka ku Salima m'dera la mfumu Makanjira. Kumeneko, kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mfumu ndi anthu ake amatseka usodzi m'mwezi wa Disembala n'kudzatsegula mu Epulo, ndipo wophwanya lamulo amaweruzidwa ndi anthu a komweko. Utaka wa ku Mbenji mpaka lero ndi wotchuka. Boma nalo lili ndi nyengo yake yotseka makoka ena panyanja kuyambira pa 1 Novembala kuti chambo chiswane, koma a ku Mbenji sanadikire boma. Funso loti muwasiyire ana ndi ili: kodi anyamata a mudzi umodzi sangagwirizane, nyakwawa ikudziwa, kuti dziwe lakutilakuti lisakhudzidwe mpaka mvula itagwa?

Pali chinanso chimene ana a kumtunda sauzidwa, chonsecho chimawakhudza kuposa wina aliyense. Makwawa ambiri a mbali ino ya Dedza amathira mu Linthipe. Linthipe amalandira Diamphwe ndi Lilongwe, n'kutsikira ku Salima kukalowa m'nyanja. Mumtsinje umenewu, monganso mu Bua ndi mu North Rukuru, mumakwera mpasa, nsomba imene mwachilengedwe imapezeka m'nyanja ya Malawi ndi mitsinje yake yokha. Mpasa umaikira mazira pamiyala ing'onoing'ono pamene madzi ali oyera ndi othamanga. Tikalima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa khwawa, tikadula mitengo ndi bango la m'mbali, dothi lathu limatsika ndi mvula n'kukakwirira miyala ija, mazira n'kufera m'matope. Mnyamata wa ku Kasina amene sanaonepo mpasa ndi maso ake angathe kuupha ndi khasu. Akabzala nsenjere kapena vetiva m'mbali mwa dimba la bambo ake, wasunga dothi la kwawo, wasunganso nsomba ya anthu a ku Salima. Nkhani imeneyi ilembeni ndi mapu ojambula pamanja, mzere wa mtsinje kuchokera pamudzi pawo mpaka kunyanja.

Za chitetezo musazengereze, koma musazitalikitse. Khwawa likadzaza sawoloka, ngakhale mvula itagwa kumapiri kokha kuno kuli dzuwa. Mphezi ikamang'anima, nsungwi yonyowa m'manja pakati pa dambo ndi imfa. Wamng'ono asapite yekha. Minga ya m'mbali mwa mlamba imalasa, ugwireni kumutu molimba. Ndipo likodzo: madzi odikha okhala ndi nkhono ndiwo nyumba yake, kotero kuwedza uli pamtunda n'kwabwino kuposa kuima m'madzi mpaka m'mawondo. Mwana akaona magazi pokodza asachite manyazi kapena kuganiza kuti ndi chizindikiro cha kukula, apite kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Onjezanipo matenda a zilonda za nsomba, amene anapezeka koyamba m'dziko muno mu 2020 ku Mchinji, mumtsinje wa Bua, n'kufalikira m'maboma ena a chigawo chapakati. Ana oyendayenda m'madambo ndi amene amayamba kuona nsomba zazilonda zofiira kapena zoyandama zitafa. Aphunzitseni kuti asadye nsomba zotero, asazinyamule kupita nazo kumadzi ena, ndipo akauze akuluakulu kuti uthenga ufike kwa alangizi.

Kuchoka pambedza kufika padziwe

Kunena zoona, makwawa athu sangadyetse mudzi. Kafukufuku wa boma amasonyeza kuti m'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya nsomba zokwana pafupifupi makilogalamu 14 pachaka, koma pofika m'zaka za m'ma 2000 zinali zitatsika kufika pochepera theka la pamenepo. Anthu tinachuluka, nyanja ndi yomwe ija. Tsono kagawo kanu kakamatha chaka, kayambe kukokera mnyamata wa mbedza uja ku ulimi wa nsomba. Amene amakonda kale nsomba ndi amene angapirire ntchito ya dziwe, ndipo kwa ine cholinga chenicheni cha zolemba zonsezi chili pamenepa. Mnyamata amene ali ndi dziwe lake kudimba amaganiza kawiri asanagulitse njinga kuti apeze ya basi ya ku Joni.

Ulimi umenewu si wachilendo m'dziko muno. Unayamba kuyesedwa m'zaka za m'ma 1950 ku Nchenachena m'boma la Rumphi ndi ku Domasi m'boma la Zomba, kumene mpaka pano kuli likulu la kafukufuku wa ulimi wa nsomba. Ku Bunda, pafupi nafe pompa, amaphunzitsa za nsomba mpaka digiri, ndipo ku Mpwepwe m'boma la Mangochi kuli sukulu ya za usodzi. Mwana wa Sitandade 8 adziwe kuti nsomba ili ndi sukulu yake, ndi ntchito yake.

Polemba za dziwe, gwiritsani ntchito masamu amene mwana akuphunzira kale. Dziwe la mamita 20 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi ndi masikweya mita 200. Mukaika ana a nsomba atatu pa sikweya mita iliyonse, mwaika 600. Tiyerekeze kuti 100 zafa kapena zadyedwa, zatsala 500, ndipo iliyonse yafika magalamu 100. Ndiye kuti makilogalamu 50. Muuzeni akafunse yekha mtengo wa nsomba yaiwisi pamsika wapafupi, achulukitse, achotsepo za madeya ndi za mbewu. Masamu otere mwana amawachita mosakakamizidwa. Koma munene poyera kuti ndi chiyerekezo chabe, chifukwa palibe chimene chimagwetsa ulesi mlimi wamng'ono kuposa kulonjezedwa zambiri n'kukolola zochepa.

Ndipo kuno kumtunda tili ndi vuto lathulathu limene mabuku olembedwera ku Zomba kapena ku Chikwawa salitsindika: kuzizira. Makumba amakula bwino madzi akakhala ofunda. Akazizira kutsika madigiri 20, kakulidwe kamabwerera m'mbuyo ndipo kuswana kumaima. Choncho wolemba wa ku Dedza anene kuti nsomba ziikidwe m'dziwe kukayamba kufunda, cha mu Seputembala kapena Okutobala, kuti zikule m'miyezi yotentha n'kukololedwa chisanu chisanafike. Anene kuti dziwe likhale lozama kupitirira mita imodzi mbali yakuya, popeza madzi akuya sazizira msanga usiku. Anene kuti lisakumbidwe pamthunzi wa mitengo, ndiponso kuti madzi ozizira a pakasupe asamangodutsa m'dziwe usana ndi usiku, chifukwa amachotsa kutentha n'kukokolola chakudya. Nthawi yachisanu chakudya chichepe, pakuti chimene nsomba sizinadye chimaola n'kuononga madzi.

Chakudya chake chili pakhomo pomwepo. Madeya a chimanga, zitosi za nkhuku kapena ndowe zoikidwa m'thumba pangodya ya dziwe, ndi masamba ofewa a kudimba amene chilunguni chimawakonda. Manyowa aja sikuti nsomba zimadya iwowo kwenikweni, koma amameretsa tizomera ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso timene timabiriwitsa madzi, ndipo timeneto ndiye nsima ya makumba. Pali kayesedwe kamene ana amakakonda: pisani mkono m'madzi mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, madzi ndi osabereka, onjezani manyowa. Chikasowa mkono usanalowe n'komwe, manyowa achuluka, lekezani kaye. Matope a pansi pa dziwe mukakolola abwerere kudimba ngati manyowa, madzi ake athirire mpiru. Dimba limadyetsa dziwe, dziwe n'kudyetsa dimba.

Adani a dziwe ndi nkhani ina imene imawerengedwa mwachidwi: katumbu amene amabwera usiku, ng'azi, akakowa, achule odzaza dziwe ndi ana awo, osaiwala mdani wa miyendo iwiri. Pa wotsirizayu, njira yabwino imene ndikuidziwa ndi yoti anyamata a mbedza omwe aja akhale eni dziwe. Munthu saba m'nkhokwe yake.

Chenjezo limodzi lisasowe. Mwana wokonda nsomba amakonda kunyamula zamoyo m'chigubu kukaika kwina. Muuzeni kuti mbewu ya nsomba aitenge kwa alimi odziwika kapena kudzera kwa alangizi a za nsomba, ndipo ikhale ya mitundu yathu, makumba, chilunguni, chambo kapena mlamba. Nsomba yotchedwa carp inabweretsedwa m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970, koma kumayambiriro kwa m'ma 1990 boma linailetsa poopa kuti ikathawira m'nyanja ikasokoneza nsomba zathu. Ku nyanja ya Victoria, nsomba yachilendo yotchedwa Nile perch imene anthu anaikamo m'zaka za m'ma 1950 inathandiza kutha kwa mitundu yambirimbiri ya nsomba za komweko. Dziwe la ku Dedza likasefukira, madzi ake mathero ake ndi kunyanja.

Kalembedwe kake

Apa sindichulukitsa. Nkhani imodzi, mfundo imodzi, yoti mwana aimalize asanaitanidwe kukatunga madzi. Lembani m'Chichewa chimene amayankhula padambo. Musamulalikire. Mwana akamva fungo la ulaliki amatseka pepala.

Samalani ndi mabuku ndi zapaintaneti zochokera kunja. Zambiri zimakamba za ndodo zogula zokhala ndi chopukusira chingwe, nyambo zapulasitiki, ndi nsomba ya trout imene azungu anaika m'mitsinje yozizira ya paphiri la Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Kwawoko munthu amagwira nsomba, kuijambula, n'kuibweza m'madzi chifukwa ndi masewera. Kwathu kuno nsomba ndi ndiwo. Mukamuuza mwana kuti abweze zonse akusekani, ndipo akhala akukhoza. Muuzeni abweze zing'onozing'ono ndi zamazira, ndipo mumuphunzitse kabwezedwe kake: manja anyowe asanaigwire, mbedza ichotsedwe mofatsa, nsomba isaponyedwe ngati mwala.

Musaiwale kunena kuti mbedza ndi ya Loweruka ndi patchuthi. Aphunzitsi a m'mbali mwa nyanja amadziwa mmene usipa umakhuthulira makalasi, ndipo sitikufuna kuti kagawo kathu kayambitse zomwezo kuno.

Atsikana apatseni malo awo. Ndiwo amakapa madzi m'zithaphwi ndi amayi awo, ndiwo amadziwa kuwamba mlamba kuti usachite mphutsi, ndipo padziwe la kalabu kawirikawiri wosunga buku ndi ndalama mosamala amakhala mtsikana. Nkhani ya kawambidwe, ya kayanikidwe ka matemba pathandala osati pansi, ya kusinja tinsomba touma n'kuthira m'phala la mwana wamng'ono, zonsezi ndi za usodzi ndithu, ndipo phindu lake limaoneka msanga pakhomo.

Chomaliza chimene ndingapemphe ndi kabuku. Limbikitsani mwana aliyense wowerenga kagawo kanu kuti asunge kope lakale la masamba otsala, azilembamo tsiku, malo, nyambo, mtundu wa nsomba ndi kutalika kwake poyeza ndi lula ya kusukulu. Pakutha pa mwezi atumize zimene walemba, inu musankhe ziwiri kapena zitatu muziike pabolodi ndi dzina la mwiniwake ndi mudzi wake. Mwana akaona dzina lake litalembedwa pamene anzake akuwerenga, mwezi wotsatira makalata amabwera khumi. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, makope amenewo adzakuuzani khwawa limene likufa ndi limene likuchira, ndipo mudzakhala ndi chogwira m'manja popita kwa a mfumu kapena ku ofesi ya za nsomba kuboma. Mafunso amene akukanikani musawayankhe mongoganizira. Asonkhanitseni, mukawapereke kwa mlangizi wa za nsomba, kapena mulembere ku Bunda ngakhale ku Domasi, ndipo yankho likabwera mulisindikize pamodzi ndi dzina la mwana amene anafunsa.